Ndani anagulitsa phiri la Soche?

Mitambo ikangoyamba kuda chakumapeto kwa chaka, timadziwiratu zimene timve pa wailesi. Mkulu wina wa ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre, kapena wa ku ofesi yoona za malo, amalengeza kuti onse amene anamanga m'mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje asamuke mvula isanagwe. Akatero amatseka fayilo. Kwa iyeyo ntchito yatha, wachenjeza.

Akuluakulu inu, chenjezo lanulo ndi njira yothawira mlandu.

Anthu a ku Zingwangwa, Chilobwe, Manja ndi Chimwankhunda amagona phiri la Soche lili kumutu. Sakusowa munthu wowauza kuti phirilo ndi loopsa. Anafukula okha abale awo m'matope, ndi makasu ndi manja. Chimene akusowa ndi yankho la funso limene ofesi iliyonse ikulizemba: anagulitsa malo m'phirimo ndani, ndipo inu amene mumalandira malipiro kuti muziletsa zimenezi munali kuti?

Pa 13 Malichi 2023, namondwe wa Freddy atavumbitsa chimvula masiku angapo osalekeza, mbali ya phiri la Soche inagumuka. Matope, mitengo ndi miyala ikuluikulu zinatsika n'kukokolola nyumba za ku Chilobwe anthu ali momwemo. Mitembo inadzaza ku chipatala cha Gulupu mpaka nyumba ya chisoni inachepa. Otsala anakaunjikana m'makalasi a sukulu za Manja ndi Naotcha. M'dziko lonse anthu oposa 600 anamwalira, oposa 500 anasowa osapezekanso, ndipo oposa 650,000 anatsala opanda pogona. Boma linalengeza masiku 14 okhuza maliro.

Masiku 14 aja anatha kalekale. Ndi munthu uti amene anaimikidwa pamaso pa woweruza chifukwa chogulitsa poloti pamalo pamene madzi amadutsa? Ndi mkulu uti wa ofesi amene anatula pansi udindo? Ndi khansala uti amene anaimirira n'kunena kuti izi zinachitika ife tikuona?

M'malo mwake mlandu wonse unakankhidwira kwa akufa. Akuti anamanga mwachisawawa. Akuti ndi osamva. Wakufa sayankha, ndiye ndi wosavuta kumuweruza.

Nyumba simera usiku umodzi ngati bowa. Munthu wa ganyu, wa kabaza, mayi wogulitsa tomato pa msika wa Zingwangwa, amamanga zaka. Amayamba wapita kwa amene amadziwika kuti ndiye mwini dera, kaya ndi mfumu ya m'tauni, kaya ndi mkulu wa chipani, kaya ndi munthu amene anangolima pamenepo poyamba n'kuyamba kudula mapoloti. Amalipira. Amapatsidwa kapepala kosainidwa, mboni zilipo. Kenaka amaumba njerwa, n'kuziotcha utsi uli tolotolo dzuwa likuswa mtengo. Amakweza mchenga ndi simenti pamutu. Amakhoma malata amene amanyezimira mpaka kutali.

Maofesi a khonsolo ali ku Chichiri. Ukaima kumeneko phiri la Soche sulifunafuna, limadzionetsa lokha. Chaka ndi chaka mzere wa malata unkakwera, mzere wa mitengo n'kumabwerera m'mbuyo. Mukufuna tikhulupirire kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzutsa maso?

Nanga mawaya a magetsi amene akwera m'mbali mwa phirimo anawakoka ndani? Mipope ya madzi inakumbiridwa ndi yani? Wina anadzaza fomu, wina anadinda chidindo, wina analandira ndalama. Munthu akamalipira bilu mwezi ndi mwezi amakhala kasitomala wolemekezeka. Matope akamukwirira ndi pamene mwakumbukira kuti anali wophwanya malamulo.

Andale nawonso asabisale kumbuyo kwa khonsolo. Nthawi ya kampeni magalimoto a zimkuzamawu amakwera mpaka pamene msewu wathera, ndipo otsala amapitiriza wapansi atanyamula zitenje ndi malaya a chipani. Mavoti a m'phiri amawerengedwa mofanana ndi a ku Namiwawa. Palibe wofuna mpando amene anaimapo pamwamba apo n'kunena kuti abale anga, pano mudzafa. Amalonjeza mlatho, amalonjeza mpope, amalonjeza kuti akapambana palibe amene adzakugwetsereni nyumba. Mkulu wa ofesi akayesera kukhwimitsa lamulo, foni imalira kuchokera kumwamba, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ndipo tisaiwale kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala. Zaka zisanu ndi zinayi mzinda wonsewu unkayendetsedwa ndi anthu amene palibe anawasankha, ndipo palibe amene akanawachotsa ndi voti. Maboma amene ankazengereza chisankho chimenecho ali ndi gawo lawo pa manda a ku Chilobwe.

Ndikudziwa zimene munene. Munena kuti anthuwa anachenjezedwa kambirimbiri koma anakana kusamuka, ndipo ena Freddy atangodutsa anabwerera kukamanganso pomwepo.

N'zoona, ena anabwerera. Koma mawu akuti samukani ali ndi mbali yachiwiri imene simuitchula. Asamukire kuti?

Mukati abwerere kumudzi, mudzi wake uti? Mwana amene anabadwira pa chipatala cha Zingwangwa, n'kuphunzira pa sukulu ya Zingwangwa, makolo ake anachoka ku Mulanje kapena ku Nsanje iye asanabadwe, kwawo ndi kuno. Kumudzi kumene mukumuthamangitsirako munda unagawidwa kale kwa amalume ndi adzukulu, ndipo nakonso Freddy sanakusiye. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu mapiri anagumukanso sabata yomweyo.

Mukati achite lendi kunsi kuno, mwafunsako mtengo wa chipinda chimodzi ku Zingwangwa lero? Landilodi amafuna ya miyezi itatu pakamodzi, ndipo ndalama ya kwacha ikagwa iye amakweza mawa lake. Mlonda wa pa shopu ku Limbe, amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati, akapeza munthu womugulitsa kamalo kotsika mtengo pamtunda, n'kuona kuti apuma ku manyazi otulutsiridwa katundu panja, mukuti achite chiyani? Iye sakusankha pakati pa malo abwino ndi malo oopsa. Akusankha pakati pa ngozi imene ingabwere chaka china ndi landilodi amene abwera pa 30 mwezi uno.

Mukati tikupatsani malo kwina, n'kumupatsa thengo la kutali kopanda madzi, kopanda sukulu, kumene minibasi yopita ku Ginnery Corner kapena ku Makata idya theka la zimene amapeza patsiku, musadabwe akabwerera. Munthu amakhala pafupi ndi pamene amapeza nsima.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti Zingwangwa yemweyu ndi umboni woti mzinda uno unkadziwa kale chochita. Dera lino, monga Chilomoni ndi Bangwe, lili m'gulu la madera amene boma linkayeza mapoloti, n'kulambula misewu, n'kusiya malo a msika, sukulu ndi chipatala, kenaka n'kulola munthu wosauka kuti amange nyumba yake pang'onopang'ono monga mwa mphamvu zake. Bungwe la Malawi Housing Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1964, ndilo linkayang'anira madera oterewa, mpaka anaperekedwa m'manja mwa makhonsolo a mizinda mu 1992. Sizinali zapamwamba. Koma munthu ankadziwa malire a poloti yake, ndipo madzi a mvula anali ndi njira yawo.

Kuchokera pamenepo anthu achuluka bwanji? Kalembera wa 1998 anapeza anthu oposa 500,000 mu mzinda wa Blantyre. Wa 2008 anapeza oposa 660,000. Wa 2018 anapeza 800,264. Anthu pafupifupi 300,000 owonjezera m'zaka 20 zokha. Tiuzeni, akuluakulu, mapoloti oyezedwa a anthu opeza pang'ono amene munatsegula m'zaka zimenezo ndi angati? Tulutsani kaundula tiwerenge. Kafukufuku wa bungwe la UN-Habitat wa mu 2011 anasonyeza kuti anthu oposa 65 pa 100 aliwonse mu mzinda uno amakhala m'madera osayezedwa. Anthu awiri pa atatu aliwonse akakhala kunja kwa lamulo, vuto silikhalanso la anthuwo. Vuto ndi la amene anasiya kugawa malo mwachilungamo.

Ndipo poloti yoyezedwa ikapezeka, amaitenga ndani? Funsani aliyense amene anayeserapo kulembetsa. Dzina limagona pa mndandanda zaka zambirimbiri, pamene wodziwana ndi bwana, amene ali kale ndi nyumba ziwiri, amatenga yachitatu n'kuimangira mpanda wa njerwa, mkati muli udzu wokhawokha, kudikira kuti mtengo ukwere. Wosauka uja akatopa kudikira ndi pamene amayang'ana kuphiri.

Mzinda uno umanyadira mbiri yake. Alendo timawatengera ku Mandala House ya mu 1882 ndi ku tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinatha kumangidwa mu 1891. Timawauza kuti amishoni a ku Scotland anafika mu 1876 n'kupatsa malowa dzina la mudzi umene David Livingstone anabadwira. Chimene sitinena kawirikawiri n'chakuti amishoniwo anapeza anthu. Malo anawapatsa ndi mfumu Kapeni ya Chiyao, imene inkakhala ndi anthu ake cha ku Soche komweku. Anthu a m'tsinde mwa phirili analipo tauni isanabadwe.

Tauni itabadwa inawaika kunja. Azungu anatenga mitunda yabwino ya ku Sunnyside ndi Mandala, amwenye anapatsidwa mizere ya masitolo, ndipo munthu wakuda amene ankaphika, kuchapa ndi kunyamula katundu ankayenera kugona kutali, kumene bwana sangamve kulira kwa ana ake. Atsamunda anapita mu 1964, Blantyre anakwezedwa kukhala mzinda mu 1966, koma mapu a m'mitu ya olamulira sanasinthe. Kumene amagona mabwana phula limakonzedwa likangong'ambika. Kumene amagona anthu ambiri, ngalande ikatsekeka imadikira mpaka mwana agweremo.

Muyankhanso kuti khonsolo ilibe ndalama, chifukwa anthu salipira msonkho wa mzinda.

Anthu ake ati? Mayi wa pa msika wa Zingwangwa amadula tikiti tsiku lililonse, malonda ayende asayende. Wodula matikiti sajomba, ngakhale tsiku limene zinyalala zaunjikana mpaka kufika pa benchi yogulitsira usipa. Ngongole zikuluzikulu za msonkho zimene timamva khonsolo ikudandaula m'manyuzipepala si za mayi ameneyu. Ndi za eni nyumba zosanja, makampani ndi nthambi za boma lomwelo. Amenewo mumawalembera makalata aulemu. Wogulitsa mandasi m'mbali mwa msewu ndi amene mumamuthamangitsa n'kumulanda beseni.

Komanso zimene zikufunika poyamba sizifuna mabiliyoni. Kukhoma zikhomo m'malire a nkhalango ya Soche n'kunena kuti kupitirira apa palibe kumanga, kumafuna ndalama zingati? Kuyendera phirilo mwezi ndi mwezi n'kuimitsa maziko oyamba asanafike pawindo? Kumanga munthu mmodzi wogulitsa malo a boma kuti ena aope? Izi zimafuna munthu wolimba mtima amene sanadye nawo. Kugumula nyumba ya munthu amene wakhalamo zaka khumi ndi nkhanza. Kumuletsa tsiku limene akukumba maziko kukanakhala chifundo, ndipo tsiku limenelo simunabwere.

Ena amathawira kwa Mulungu ndi ku nyengo. Akuti Freddy anali namondwe wachilendo, palibe akanamuletsa. Zoonadi, akatswiri a zanyengo padziko lonse anatsimikiza kuti palibe namondwe wina wodziwika amene anakhalitsa ngati ameneyu, masiku 36 kuchokera kufupi ndi Australia mpaka kuno. Mvula simungailetse. Koma mvula inapeza phiri lopanda mitengo, ndipo mitengoyo sinachoke yokha. Inasanduka makala, nkhuni zootchera njerwa ndi minda ya chimanga, alonda a nkhalango alipo, apolisi alipo, malamulo alipo. Phiri la Ndirande linametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990 mzinda wonse ukuonerera, ndipo palibe chimene munaphunzirapo.

Musanamizire kuti simunkadziwa kuti phiri limagumuka. Agogo athu anali nalo dzina: Napolo. Anatsika ku Zomba mu 1946. Anatsika ku Phalombe mu 1991 n'kupha anthu mazanamazana, ndipo chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mu Januwale 2015 madzi osefukira anawononga maboma 15, ndipo madera a m'tsinde mwa Soche analawa nawo. Namondwe wa Idai anabwera mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022. Freddy atapha anthu, aphungu anathamanganso kukavomereza lamulo latsopano mu 2023 kulowa m'malo mwa la 1991 lija. Malamulo awiri, lililonse lolembedwa pamwamba pa manda. Lachitatu mudzalemba pa manda a yani?

Shehe ndi m'busa akanena pamaliro kuti zonse ndi za Mwini Wake, amakhala akutonthoza olira, ndipo ndi ntchito yawo. Mkulu wa ofesi alibe ufulu wobwereka mawu amenewo. Iye analembedwa ntchito yoyeza malo, osati yotanthauzira chifuniro cha Mulungu.

Ku Zingwangwa mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana. Mbandakucha azana imamveka, Lamulungu belu limalira, ndipo Myao, Mlomwe, Msena ndi Mngoni amatunga pa kiyosiki imodzi. Maliro akagwa pa mdadada palibe amafunsa chipembedzo asanapereke chipepeso. Msilamu akamwalira amasambitsidwa, n'kukulungidwa m'sanda, abale n'kumuswalira, ndipo amaikidwa m'manda mosachedwa. Mkhristu amamugonera pa siwa, amayi a mvano n'kuchezera kuimba. Mabanja a anthu oposa 500 amene anasowa aja sanachite chilichonse mwa izi. Palibe thupi losambitsa, palibe manda oti mwana akadzakula adzalozeredwe kuti bambo ako agona apa. Munthu amene anasaina kapepala kogulitsa malo a m'phiri la Soche akudziwa zimenezi, ndipo akuyenda mfulu pakati pathu.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya a pamtunda okha. Madzi amene phiri lalephera kumwa amatsikira kwa ife a kunsi. Amabwera ndi mchenga umene umatseka ngalande, amakumba misewu ya m'makwalala mpaka ambulansi imakanika kulowa, amadzaza zimbudzi zokumba n'kumwaza zonyansa m'mabwalo mmene ana amasewera, n'kukathira mu mtsinje wa Naperi. Kolera amene anayamba mu 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Pamene mpope wauma, popeza madzi ambiri a mzinda uno amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire ndipo magetsi akathima mapampu amaima, amayi amapita kukatunga m'zitsime za m'mbali mwa mitsinje yomweyo. Kenaka mudzabweranso pa wailesi kudzawalangiza za ukhondo.

Sindikunena kuti anthu akhalebe pamalo pamene miyala inadutsa. Achoke, ndipo achoke mvula isanabwere. Mwana mmodzi kukwiriridwanso pamenepo kudzakhala kupha kwadala. Koma dongosolo lake liyambire kwa amene ali ndi mphamvu.

Khonsolo ndi unduna wa za malo atulutse poyera mndandanda wa malo onse opanda kanthu mkati mwa mzinda uno, a boma, a khonsolo, a Malawi Housing Corporation, ndi a anthu amene anapatsidwa mapoloti zaka zambiri zapitazo koma sanamangepo. Pa malo amenewo payezedwe mapoloti ang'onoang'ono, pafike madzi ndi msewu, ndipo oyamba kulandira akhale mabanja a m'malo oopsa a Soche, Ndirande ndi Bangwe, maina awo atapachikidwa pa msika kuti aliyense aone ngati mwalowa mlamu wa bwana.

Mapepala amene anthu anagulira malo m'phirimo alipo. Ambiri anawasunga m'majumbo a pulasitiki pansi pa matiresi, ena anapulumuka nawo m'matope. Pamapepalapo pali maina ndi masiginecha. Apolisi sakusowa poyambira. Bungwe lothana ndi ziphuphu silikusowa poyambira. Awatolere, aitane ogulitsawo mmodzimmodzi, awafunse kuti ndalama ankagawana ndi yani ku ofesi. Wogula anataya nyumba ndi ana, asakhalenso iye woyamba kulowa m'chitokosi.

Ndipo inu a khansala a madera a m'tsinde mwa Soche, tinakusankhani kuti mukatiyankhulire, osati kuti muzingooneka pamaliro ndi thumba la ufa. Pa msonkhano wa khonsolo ukubwerawu imirirani, mupemphe kaundula wa mapoloti ndi lipoti la amene ankayenera kuyendera phirili kuyambira 1992. Akakukanizani, bwerani pa msika wa Zingwangwa Loweruka m'mawa mudzatiuze dzina la udindo wa amene wakana.